Mfuti Zitatu Zokhotera Kumanzere

Lolemba, 6 Meyi

Zafika. Mapisitolo atatu, iliyonse m'bokosi lake. Doña Griselda wazibweretsa yekha kuchokera ku Paraná, pagalimoto ija yomanga chitseko ndi waya. Mayi wamasiye, sitolo ya mfuti anamusiyira mwamuna wake. Watibwereka masabata awiri.

Kalabu yathu yowombera mfuti ikufuna kugula zisanu zamtundu umodzi, zophunzitsira obwera kumene. Thumba la kalabu ndi lobooka, ndiye zodula ayi. Zitatuzi ndi zotengera chabe, ana a pisitolo ija ndinanyamula pausilikali ndili mnyamata. Bambo mmodzi, amayi osiyana.

Woweruza ndine. Nanga akanasankha ndani? Zaka 31 ndikuyang'anira bwalo lowombera. Don Hilario, wapampando wathu, mwini sitolo ya mankhwala, anati: "Chimene munene inu, Don Anselmo, ndicho tigule." Ndinayankha modzichepetsa. Mumtima ng'oma.

Ndazipatsa mayina. Ya ku Turkey ndi Mkwatibwi, yonyezimira, yosalala, mpaka manyazi kuigwira. Ya ku Philippines ndi Khasu, yakuda, yokhakhala, yosafuna kusangalatsa munthu. Ya ku Brazil ndi Mlamu, wa tsidya lina la malire, timadziwana naye, sitimukhulupirira kwenikweni.

Kompadre wanga Eusebio, wa kubutchala, amene anandinyamulira mwana paubatizo, wasankha kale Mlamu asanamugwire n'komwe. Akuti zitsulo zosinthira zili pafupi. Ndamuuza kuti munthu amene zaka makumi anayi sanamenyepo pakati pa chandamale asalankhule akuluakulu ali pomwepo. Anangoti: "Chabwino, Jenerali."

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndaziphwasula zonse patebulo la kukhitchini. Ofelia, mkazi wanga, nkhope ndwii. Akuti nsalu yake ya patebulo inunkha girisi mpaka Khrisimasi.

Mkwatibwi: m'kati mosalala ngati kunja. Zitsulo zogwirana bwino, osagwedera. Anthu a ku Turkey amenewa sindinkawayembekezera.

Khasu: m'kati mizere ya tupa, ukuimva ndi chala. Ukamugwedeza akulira ngati thumba la makiyi. Zaka zanga zonse za umakaniko ku njanji ndikanatulutsa ntchito yotere akanandithamangitsa tsiku lomwelo. Komabe chitsulo chake cholimba. Zimenezo ndivomere.

Mlamu: pakatikati. Zokongoletsa zambiri, malemba m'mbali ngati basi. Kachitsulo kowombera kofewa kuposa anzake, chala chikungotsetsereka.

Kasipuling'i ka Khasu kanandithawa. Theka la ola ndili chokwawa pansi pa tebulo. Ofelia kulowa, kuyang'ana kamodzi, kutola pafupi ndi mbale ya shuga. "Kanali kukuyang'ana, Anselmo." Ndati kukhitchini kuno kuli mdima, babu ndi lofooka. Iye akuti ndi babu lachitatu chaka chino limene ndalinamizira.

Lachitatu, 8 Meyi

Kubwalo m'mawa, ndekha. Kunja kuli zii, mphepo palibe. Mamita 25, manja pathumba la mchenga, zipolopolo zisanu ndi ziwiri iliyonse.

Mkwatibwi: zonse kumanzere. Chikhatho chathunthu kuchokera pakati.

Ndinaseka. Kukongola kopanda khalidwe.

Khasu: kumanzere.

Mlamu: kumanzere.

Ndinabwereza katatu. Chimodzimodzi. Zowunjikana bwino ndithu, dzanja langa likadali dzanja, koma zonse kumbali ngati ng'ombe zothawa mvula.

Mayiko atatu, nyanja pakati pawo, koma onse agwirizana kupanga mfuti zokhota. Izi ndiye zotchipa. Pisitolo ya usilikali ija ukailozetsa pa ntchentche, ntchentche inkayamba kulapa machimo.

Ndalemba m'lipoti: "Zonse zikukokera kumanzere." Ndadula mzere kunsi kawiri.

Lachisanu, 10 Meyi

Mvula tsiku lonse. Ofelia wakazinga zitumbuwa za ufa wa tirigu monga mwa masiku a mvula. Ndadya zisanu, iye akuti zisanu ndi zitatu.

Pothira madzi otentha m'chikho cha yerba, tiyi wathu wakuno, ndinathira pachala. Ketulo ili ndi mlomo wokhota. Ofelia osanena kanthu. Ndipo kusanena kanthu kwake kumamveka mpaka kwa aneba.

Kalata yabwera. Chiphaso changa cha mfuti ndi cha uphunzitsi zikutha mu Julayi. Kukonzanso, ndiye kukaonana ndi dokotala, zonse zija. Ndaiika m'kabati pansi pa malisiti.

Ofelia akuti wandipezera malo kwa dokotala wa maso Lachinayi. Kachitatu tsopano. Ndamuuza kuti Lachinayi ndili ndi ntchito ya komiti. "Ulendo watha unali ndi chimfine. Ulendo winawo galu ndiye anali ndi chimfine."

Galuyo analidi ndi chimfine.

Loweruka, 11 Meyi

Lero mayeso a kupirira. Osayang'ana chandamale, kungoona kuti ndani atope msanga. Zipolopolo zotchipa zodzaza tokha pakalabu, zautsi zija, mazana awiri iliyonse, osapukuta. Eusebio anatseka butchala masana kudzandithandiza kudzaza timabokosi ta zipolopolo. Anabwera ndi soseji, akuti woweruza asaweruze ndi njala. Chiphuphu poyera. Ndadya.

Mkwatibwi: bwinobwino mpaka cha m'ma 140, kenako kunyada. Akada amafuna kusamba. Anatsamwa kawiri. Nditamudontheza mafuta anapitiriza ngati sipanachitike kanthu.

Mlamu: anatsamwa kasanu, konse ndi kabokosi kamodzi. Ndi kabokosi kena osavuta. Eusebio kumuikira kumbuyo ngati mwana wake: "Si mfuti imeneyo, ndi kabokosi! Iwe nsapato ikakuluma umadula phazi?" Ndinati kabokosiko kanabwera ndi ndani, ndi azakhali ake?

Khasu: mazana awiri, osatsokomola ngakhale kamodzi. Wakuda bii, wotentha, akungodya. Ndinamuthira dala kamchenga. Anadya ndi mchenga womwe. Kugwedera kuja ndiye mwayi wake, litsiro limapeza podutsa. Sindikumukonda. Koma ndikumupatsa ulemu.

Ndinamuuza Eusebio za kumanzere. Anafunsa kuti zonse zitatu? Ndinati zonse zitatu. Anati: "Hmm." Eusebio sananenepo hmm chibadwire. Amanena zinthu zazitali zopanda mutu.

Anapempha kuti ayeseko pachandamale. Ndinakana. Mfuti zobwereka, ndipo khoma la kumbuyo tangolipaka penti.

Lamlungu, 12 Meyi

Pochokera ku Misa ndinavulira chipewa Bambo Mfumu ataima pakhonde la sitolo ya zitsulo. Osayankha. Ndinati ansembe a masiku ano. Ofelia anandikoka mkono. Akuti linali botolo la gasi lalitali lija, atalifunditsa pulasitiki yakuda.

Anaseka mpaka kukhala pansi pabenchi. Kenako anasiya kuseka mwadzidzidzi, n'kundigwira dzanja mpaka kunyumba. Zaka zingati asanandigwire dzanja pamsewu?

Masana ndaganiza za mfuti zija. Mwina onse amagula timaso ta pamphuno pa mfuti kufakitale imodzi. Zimachitika. Dziko la masiku ano chilichonse chimachokera pakhomo limodzi.

Zikumveka ndithu. Ndazilemba m'lipoti.

Lachiwiri, 14 Meyi

Nkhani yathawa. Ndinangouza Don Hilario, Don Hilario anauza aliyense wogula mankhwala a chifuwa. Lero Doña Griselda waimba foni. Wina wa ku tauni ina wabweza kale oda yake, akuti wamva kuti amagulitsa mfuti zokhota.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. "Don Anselmo, ine sindiwombera, ndimangogulitsa, ndiye sindingakutsutseni. Koma anthu akungodikira kunena kuti sitolo inafa pamodzi ndi mwamuna wanga. Mawu anu ndi olemera kuno."

Wapempha chinthu chimodzi. Loweruka, pamaso pa komiti, munthu wina awombere zitatuzo, iye alipo. Ndati palibe vuto. Choonadi sichiopa mboni.

Don Hilario wati wowomberayo ndisankhe ndine.

Ndasankha Eusebio.

Eusebio akawombera, zipolopolo zimamwazika ngati nkhuku zoona kabawi. Kumanja, kumwamba, m'dothi. Palibe angadziwe ngati mfuti ili yowongoka kapena yokhota. Ndiye mawu anga akhala.

Ndalemba zimenezi ndipo ndaziwerenga. Sizikuoneka bwino papepala.

Lachinayi, 16 Meyi

Kwa dokotala sindinapite. Ndinapita kubwalo ndi pisitolo yanga yakale, imene ndapambana nayo zikho zinayi. Miyezi isanu ndi itatu ndisanaiwombere pachandamale. Ntchito yophunzitsa imachuluka, ndimatero anthu akafunsa.

Zisanu ndi ziwiri.

Kumanzere.

Ndinakhala pabenchi nthawi yaitali. Ndinatseka diso lamanzere n'kuyang'ana mtengo wa mbendera ndi lamanja, lowombera nalo. Mitengo iwiri. Wina woonekako, wina ngati mzukwa wake. Pakati pake nkhungu.

Ndakhala ndikudziwa. Kuyambira chaka chatha, pamene nyali za galimoto zinayamba kumera ndevu.

Akandilanda chiphaso ndine ndani? Nkhalamba yoyenda ndi galu wachimfine. Pabwalo paja ndikaimba wezulo anthu makumi awiri amaika mfuti pansi. Kunyumba ngakhale galuyo sandimvera.

Ofelia wafunsa kuti ntchito ya komiti yayenda bwanji. Ndati bwino.

Loweruka, 18 Meyi

Komiti yonse, ndi ena ongobwera kudzaonerera. Nyama pamoto. Doña Griselda ndi chikwama chake pamiyendo, osadya.

Eusebio anavala jekete lake lalikulu, kudzikonza ngati wopita kukafunsira. Ndinamuuza kuti chandamale ndi chija chozungulira, osati denga. Anthu kuseka.

Mkwatibwi, zisanu ndi ziwiri. Khasu. Mlamu. Tinapita tonse kukaona.

Kumanzere. Mapepala onse atatu. Chikhatho chathunthu kuchokera pakati, pamalo anga enieni.

Anthu: eee, Don Anselmo ananena! Kundisisita pamsana. Don Hilario kupukusa mutu, akuti zotchipa zimadula. Ine kakasi. Mwina si maso? Mwina ndi mfuti ndithu? Mtima unadumpha ngati mwana wa mbuzi.

Doña Griselda anaika mfuti m'mabokosi, imodziimodzi, kuzipukuta kaye ndi kansalu. Anatithokoza chifukwa cha nthawi yathu. Waya wa chitseko unamuvuta kumanga, palibe anamuthandiza. Inenso ayi.

Mapepala ndabwera nawo kunyumba, oika m'lipoti.

Nyama sinandikomere.

Lamlungu, 19 Meyi

M'mawa ndinayala mapepala a Eusebio patebulo, pafupi ndi zenera, ndi galasi lokulitsira. Mabowo asanu ndi awiri, ukhoza kuwaphimba ndi pansi pa kapu. Pepala lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu mabowo ena olowana.

Eusebio! Amene anaphapo nyali ya pabwalo. Amene anawombera chandamale cha mnzake mpikisano wonse n'kumupambanitsa.

Munthu samwaza zaka makumi anayi n'kudzawunjika tsiku limodzi mwangozi, pamalo pomwe ine ndinamuuza. Analoza pamenepo dala.

Ndinapita kwake ndisanadye. Ndinamupeza pakhonde ndi chikho cha yerba. Ndinaponya mapepala pamiyendo pake. Sanakane n'komwe.

"Nanga ndikanatani, kompadre? Ndimenye pakati anthu onse akuona, iwe uli chiimire ndi wezulo wako?"

Ofelia ndiye anamuuza za maso anga, kubutchala, sabata yatha. Za botolo la gasi zomwe. Ndiye Eusebio anapita kwa mphwake kumudzi kukayeserera masiku atatu kuwombera pambali.

Ndinamufunsa kuti luso limeneli analibisa kuti zaka zonsezi. Akuti: "Ndikaloza pakati ndimanjenjemera, ndimamva pakamwa pako kumbuyo kwanga. Pambali palibe amandidikira."

Ndinamutukwana. Anandipatsa chikho. Ndinamwa. Ndinamutukwananso, koma mawu anali atatha mphamvu.

Potuluka ndinati nanga mayi wamasiye uja? Anayang'ana pansi. Akuti zimenezo sanagone nazo. "Ndinasankha iwe. Sindikunena kuti ndinasankha bwino."

Lolemba, 20 Meyi

Lipoti lili patebulo. Likungofuna siginecha. Ndikasaina, nkhani yatha, dzina langa lili pomwe linali, Julayi ndidzaona pofika.

Ndazungulira tebulo tsiku lonse ngati mphaka pa mbale yotentha.

Ofelia akusita, osandiyang'ana: "Bwalo lija limakhala ndi ana a eni, Anselmo. Mfuti zili m'manja. Woyang'anira akuona mitengo iwiri."

Zimenezo sindinamuuze. Ndiye amawerenga bukuli. Ofelia, ngati wafika pano, nsalu ya patebulo ija sinali yokongola ndi kale lomwe.

Lachiwiri, 21 Meyi

Ndanena.

Ndinaimirira pamaso pa komiti. Ndinati mfuti zitatu zija ndi zowongoka. Chokhota ndine. Eusebio ananama pofuna kunditchinjiriza, ndipo ndinamusankha ine podziwa kuti satha, zimene zapezekanso kuti ndi bodza. Ndinaika wezulo ndi makiyi a bwalo patebulo.

Ndinkayembekeza kudabwa, mwina misozi pang'ono.

Don Hilario anatsokomola. "Don Anselmo, mwezi watha munakalipira jekete lopachika pamsomali kuti ladutsa mzere. Tinangoti tidikire munene nokha. Koma zoti mpaka mfuti, zimenezo munatipusitsa."

Anaseka onse, mpaka mlembi kugwetsa cholembera. Ndinaseka nawo. Nanga n'kutani?

Anafunsabe chigamulo changa, akuti zala ndi makutu zikadali zanga. Ndinati: wofuna yokongola yosunga moyo wonse atenge ya ku Turkey, koma aziisambitsa. Ya ku Brazil ndi yokoma pachala, timabokosi take ayese kaye asanalipire. Koma ya ophunzira, anthu osapukuta, ogwetsa, odzaza zipolopolo zautsi, ndi ya ku Philippines. Khasu. Zisanu.

Eusebio anavotera Mlamu yekhayekha, dzanja m'mwamba ngati mwana wa sukulu.

Wezulo amupatsa iye mongogwirizira. Eusebio! Dziko latha.

Foni kwa Doña Griselda ndinaimba ndekha. Zinali zovuta kuposa komiti. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Mulembe zimenezo papepala, musaine, ndizimata pagalasi la sitolo." Ndati ndilemba. "Zilembo zikuluzikulu, Don Anselmo. Kuti nanunso muzitha kuwerenga."

Zinandiyenera.

Lachinayi, 23 Meyi

Dokotala wa maso ndi mtsikana, msinkhu wa mwana wathu. Ng'ala, maso onse awiri, lamanja yokhwima. Akuti ndimaona zinthu ziwiri ndipo ndimasankha yabodzayo. Ofelia anati zimenezo n'zakale, anayamba asanadwale maso.

Opaleshoni mwezi wamawa. Akuti mphindi makumi awiri. Akuti mwina chiphaso ndidzachipezanso. Mwina.

Kulemba kukutopetsa. Ndisiye kaye.

Lachitatu, 26 Juni

Achotsa bandeji dzulo. Diso lamanja.

Mayi wanga ine! Dziko lonse alichapa.

Makoma a kukhitchini ndi oyera, ine ndinkati achikasu. Mtengo wa malalanje uli ndi masamba, lililonse palokha. Galu ali ndi imvi kukamwa. Juzi yanga yabulauni imene ndavala zaka ziwiri ku Misa, kumaliro, kumisonkhano ya komiti, ndi yapepo. Yapepo ngati ya bishopu. Palibe anandiuza. Ofelia akuti inali yotchipa ndipo ndinkaoneka wosangalala.

Ndawerenga zimene ndinalemba mu Meyi. Mizere yonse yotsetsereka ngati ikutsika phiri.

Ofelia ndamuyang'ana nthawi yaitali akusenda mbatata. Makwinya ambiri kuposa amene ndinawasiya. Anati ukuyang'ana chiyani, nkhalamba iwe. Ndinati ndikuwerenga. Anandiponyera khoko. Ndinaliona likubwera, ndinalewa!

Loweruka ndipita kukalabu. Kuwombera ayi, dokotala waletsa mpaka mwezi uthe. Kukangoona zisanu zija, zinafika sabata yatha. Ndi kukaona mmene wa kubutchala akuwonongera bwalo langa. Masabata asanu ndangomumva pafoni, akuti ntchito yachuluka. Ndamukonzera mawu.

Loweruka, 29 Juni

Zisanu zili bwino. Zoipa nkhope kuposa mmene ndinkaganizira, mizere ya tupa ikuoneka uli pakhomo. Ophunzira akuzikonda. Mtsikana wina wamenya pakati kanayi ndi Khasu wachitatu.

Si zimene ndikufuna kulemba.

Nditalowa ndinaona munthu ataima pamzere, wezulo pakhosi, jekete la Eusebio. Ndinati ndani wabwereka jekete la kompadre. Anatembenuka.

Jekete likulendewera ngati lili pamsomali. Khosi ngati la nkhuku yosolola. Masaya olowa. Khungu lachikasu, maso omwe achikasu, ndipo tsopano sindinganamizire ng'ala. Lamba waboola mabowo atsopano, ndinawawerenga, anayi.

Mawu okha ndi omwe aja. "Jenerali wabwera! Bisani majekete!"

Zimene ndinakonza zonse zinathawa. Ndinati uli bwanji, Eusebio. Ine, kumufunsa kuti ali bwanji. Anandiyang'ana, kumwetulira kunazima. Anaimba wezulo popanda chifukwa n'kupita kukaona zandamale.

Kunyumba ndinafunsa Ofelia kuti zinayamba liti. Anaika mpeni pansi. Chiyambire Khrisimasi. Khansa ya kapamba. Ku Paraná amapita Lachiwiri lililonse, mankhwala aja othothola tsitsi, chipewa savula n'chifukwa chake. Butchala akuyendetsa ndi mkamwini wake. Tauni yonse ikudziwa. Don Hilario, Bambo Mfumu, ngakhale Doña Griselda.

Ndinakuwa. Ndinati ndine kompadre wake, anandinyamulira mwana paubatizo, mukundibisira bwanji ngati mlendo?

Akuti Eusebio analetsa yekha. Analumbiritsa aliyense. Mawu ake, mmene Ofelia wanenera: "Aliyense akundilankhula ngati ndagona kale m'bokosi. Anselmo yekha ndiye amanditukwanabe ngati munthu wamoyo. Musandilande zimenezo. Bola asaone."

Ndipo munthu ameneyo anapita masiku atatu kumudzi, mu Meyi, kuzizira kuja, kukaphunzira kuphonya.

Lamlungu, 30 Juni

Misa sindinamve kanthu.

Ofelia wati ndisapite kwa Eusebio ndi nkhope ya dzulo. Akuti ngati ndikupita kukamulira ndikhale pakhomo, olira ali nawo okwanira.

Lachiwiri ku Paraná ndimuperekeza ndine. Kuyendetsa sindinaloledwe, tikwera basi. Ndimuuza kuti ndikukasaina pepala lina kwa Doña Griselda ndipo ndikufuna wondinyamulira chikwama.

Masana ano abwera kudzadya, iye ndi mkazi wake. Ndakhala pano chiyambire m'mawa kukonza zomunena. Dzulo ndinagwa, lero ndisagwe.

Kuti wezulo amaimba ngati mbalame yachifuwa.

Kuti munthu yekhayo m'dziko muno amene luso lake ndi kuphonya.

Kuti soseji ya mkamwini wake ikukoma kuposa yake. Imeneyi imupweteka zenizeni. Yabwino.

Kuti tsopano ndikuona, ndazindikira kuti ndi woipa nkhope kuposa Khasu, ndipo mkazi wake ndiye ofunika opaleshoni ya maso. Imeneyi ndiinene ndikumuyang'ana m'maso. Osayang'ana khosi. Osayang'ana lamba.

Ndayeserera pagalasi kawiri. Kachiwiri mawu anatuluka bwino mpaka pakati.

Galu akuuwa. Ndi iwo, afika msanga, ndipo ine ndikadali...